Thadzi la Stelia

Chaka cha njala ija ya 1949, m'mudzi wina wa kumtunda kwa Lisungwi munatsala nkhuku zosakwana zala za dzanja limodzi. Zambiri zinatha ndi chitopa, zotsalazo anthu anazidya imodziimodzi. Stelia anatsala ndi thadzi limodzi lamawangamawanga. Mwamuna wake Gerishon anali atakwera mapiri kulowera kumalire a Apwitikizi kukasuma chinangwa, ndipo pochoka ananena mawu amodzi okha: "Ili lokha musadye, amake Loveness. Njala ikadzatha tidzayambira pomwepa."

Miyezi iwiri inatha Gerishon osamveka. Stelia ndi kamwana kake Loveness ankagonera mango aawisi ophika ndi mpama wokumba kuthengo, umene ukapanda kuuphika tsiku lathunthu umaledzeretsa kapena kupha kumene.

M'mawa wina wa mwezi wa Novembala thadzi lija linasowa. Stelia anazungulira kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, anasuzumira m'nthochi zouma, osapeza ngakhale nthenga. Anakhala pakhonde mutu uli m'manja, poti masiku amenewo chinthu chikasowa sichinkabwerera.

Tsiku lachitatu dzuwa lili paliwombo, thadzi linatulukira pabwalo. Nthenga zonse zinali zitaimirira, mapiko atawatsekula pang'ono ngati likufuna ndewu, likulira chapansipansi kuti khwo, khwo, khwo. Linatola zotola mofulumira, linamwa madzi m'phale, linadzigubuduza paphulusa, kenaka linasiya chitosi chachikulu chonunkha. Stelia analigwira. Linakuwa ndi kumujompha padzanja, chinthu chimene silinachitepo n'kale lonse. Pachifuwa pake panali posalala, popanda nthenga, potentha ngati mwala wa padzuwa. Apa Stelia anadziwa kuti likufungatira kwinakwake.

Analitaya nalitsata chapatali. Linatsetserekera kukhwawa louma, linadutsa m'minga, n'kulowa pansi pa thanthwe lina lopendekeka. Stelia anagwada nasuzumira. Munali mazira khumi ndi limodzi.

Malovu anadzaza m'kamwa. Anayang'ana mazirawo, nacheukira mwana kumsana, amene tsitsi lake linali litayamba kufiira. Njira yoletsa nkhuku kufungatira ankaidziwa bwino: kuichotsera mazira, kuiviika m'madzi ozizira, n'kuivundikira dengu masiku atatu mpaka thupi litazizira. Koma thadzi losadya likanaikira chiyani pambuyo pake? Ndiponso tambala wotsiriza m'mudzimo anali ataphedwa dzana lakelo. Mazira amenewa ndiwo anali omaliza okhala ndi moyo m'kati. Stelia anameza malovu aja nabwerera chamanja.

Kuyambira tsikulo mtima wake sunakhalenso pansi. Thadzi likamabwera pabwalo masana aliwonse, munthu wina wanjala akanalitsata monga momwe iye anachitira. Choncho anayamba kulipititsira yekha madzi m'chikho ndi chiswe chokumba pachulu, akunamizira kukatola nkhuni. Anawaza phulusa mozungulira chisa kuti utitiri usalithawitse. Tsiku lililonse ankadzera njira ina, akucheukacheuka.

Patatha masabata awiri, anafika kukhwawa kuja masana namva thadzi likukuwa. Anaganiza za msulu, natola mwala n'kuthamanga. Atazungulira thanthwe anaima chilili. Panali munthu wamwamuna atanjuta, phazi ataponda mapiko a thadzi, mpeni uli m'manja. Mapazi ake anali otupa ngati mitondo. Munthuyo anatembenuka, ndipo Stelia anazindikira aZefaniya, mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, yemwe anamuphunzitsa kalasi ya ubatizo ali mtsikana.

Mwala uja unagwa wokha. Nkhope inali ya aZefaniya, koma maso sanali awo. Anali olowa m'kati, ofiira, osaphethira. Stelia anakumbukira mayi wina amene anapezeka sabata yathayo kumtsinje atamenyedwa mutu chifukwa cha kadengu ka mango. Kukhwawa kuno ngakhale akanakuwa motani, palibe akanamva.

"Amake Loveness," anatero aZefaniya ndi mawu osasa. "Mwabwera ndi yani?"

"Ndili ndekha, abambo. Ndi mwanayu basi."

Atangonena choncho anadziluma lilime. AZefaniya anayang'ana kumtunda kwa khwawa, anayang'ana kumunsi, kenaka anamuyang'ananso iye. Stelia anagwada pamchenga wotentha.

"Abambo," anatero, "musanalidule, taligwireni pachifuwa."

"Mukundiphunzitsa kupha nkhuku?"

"Iyayi, pepani. Koma thadzi lofungatira lilibe mnofu. Latha masabata awiri likungolawa chakudya. Ndi nthenga ndi mafupa okhaokha. Mukalipha mudya kamodzi osakhuta, ndipo mazira onsewa azizira."

"Kamodzi komweko ndiko ndikufuna. Kunyumba kwanga moto sunayake masiku atatu. Mkazi wanga sakudzukanso pamphasa."

Komabe dzanja lawo lamanzere linapita pachifuwa cha thadzi. Zala zinayenda pafupa lakuthwa lija, zinabwerera, zinayendanso. Mpeni sanautsitse.

"Tengani mazira, abambo," anatero Stelia. "Ali ndi ana kale m'kati, koma mukawaphika adyeka. Amenewo ndiwo ali ndi mphamvu kuposa make. Tengani amene mukufuna, mundisiyireko ochepa."

AZefaniya anachotsa phazi, thadzi linathawira m'minga likukuwa. Anavula chipewa chawo chakutha naikamo mazira asanu, limodzilimodzi. Anaimirira movutikira nayenda mpaka pomwe Stelia anagwada. Iye ankangoona mapazi otupa aja ndi nsonga ya mpeni pafupi ndi phewa lake, mbali yomwe kunali mutu wa mwana.

"Kodi mukafika kumudzi mukanena chiyani?"

"Ndikanene chiyani, abambo? Ine ndabwera kudzatola nkhuni."

Loveness anadzidzimuka nayamba kulira kakulira kopanda mphamvu. Mpeni unagwedezeka. Stelia anatsinzina. Atatsegula maso, aZefaniya anali akukwera mtunda pang'onopang'ono, chipewa atachikumbatira ndi manja onse awiri.

Stelia anafuna kuthawa, koma mazira asanu ndi limodzi otsalawo anali pamtetete, make atabalalika. Anawatola nawafunditsa m'nsalu pamimba pake, nakhala pamthunzi wa thanthwe. Tsamba likagwa ankadumpha. Dzuwa litapendeka thadzi linabwerera, likuyenda mokayika, ndipo iye analigwira.

Ankadziwa kuti nkhuku yosamutsidwa chisa kawirikawiri imakana mazira, koma kuthanthwe kuja sikunalinso kobisika. Anadikira chisisira, nthawi imene nkhuku zimafatsa, nanyamula thadzi, mazira ndi udzu womwewo wa chisa chakale. M'nyumba anaziika m'dengu kuseri kwa mtsuko, pamdima, navundikira ndi lichero. Thadzi linaima pamwamba pa mazira osakhala, likugunda lichero ndi mutu. Stelia anagwada pambali osapuma bwino, mpaka anamva phokoso la mazira akutembenuzidwa ndi mlomo. Atasuzumira anapeza lakhala, mapiko litayala.

Masiku otsatirawo sanapite patali. Ankatseka chitseko ndi mpiringidzo ngakhale masana. Munthu wolemekezeka amene waonedwa atagwira nkhuku ya mwini, ankaganiza choncho, angachite chilichonse kuti mbiri isamveke. Akamva mapazi kuseri ankamutseka pakamwa Loveness.

Lamulungu anapita kutchalitchi poopa kuti kusapita kungaoneke ngati wayamba kulankhula. AZefaniya ndiwo anatsogolera pemphero, atagwirira tebulo kuti asagwe. Potuluka analunjika kwa iye pakati pa anthu.

"Mwana ali bwanji, mayi?" anafunsa, maso ali pansi.

"Ali bwinoko, abambo. Kaya amayi kunyumba?"

"Anadyako," anayankha, napitirira.

Lachitatu lake mkazi wa aZefaniya anamwalira. Amuna amene anali ndi mphamvu zokumba manda anali anayi okha, ndipo dzenje linali losaya. Stelia anakhala nawo pasiwa pamodzi ndi amayi ena, nayimba nyimbo zonse.

Atabwerako anamva kulira kwa tianapiye kuseri kwa mtsuko. Anayi anali ataswa. Mazira awiri anasukusa, ndipo anakawakwirira kudzala.

Maliro atatha, aZefaniya anatenga ana awo awiri kupita kwa abale awo cha ku Mwanza. Anadutsa pakhomo pa Stelia m'mawa, kamtolo kali pamutu, ana akuwatsata pambuyo. Sanaime. Stelia anawayang'anira pampata wa chitseko mpaka atazimiririka kuseri kwa mtengo wa mlambe, kenaka anachotsa mpiringidzo natenga khasu kukakumba chiswe.