Chimake cha a Orval

Foni yochokera kwa a Verna inalira a Delbert asanamalize n'komwe khofi wawo wam'mawa.

"Akubweratu kumeneko," anatero mayiwo. "Ine ndi mwana wathu Wendell tawalanda mfuti yaikulu ija. Lamlungu anasokera pochokera kutchalitchi, Delbert, msewu woti auyenda moyo wawo wonse. Chonde musawagulitse ina. Koma musawachititsenso manyazi."

Kulamula n'kosavuta ukakhala kutsidya kwa foni. A Delbert Pruitt anali ndi kasitolo ka mfuti m'katauni kena ka ku Oklahoma, ndipo kuseri kwake ankasokerako aliyense wogula chimake cha chikopa chonyamuliramo mfuti m'chiuno. Amene ankabwerawo anali a Orval Teague, amuna awo a Verna, mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo. Akawagulitsa mfuti, munthu akhoza kufa. Akawakaniza, ubwenzi wa chiyambire unyamata uthera pakauntala. A Delbert anagwira njakata.

Awiriwa ankakusa ng'ombe limodzi ali anyamata, tsiku lonse pakavalo, madzulo n'kumalimbirana supuni imodzi pachitini cha nyemba. Chimake choyamba chimene a Delbert anasoka chinali cha a Orval, ndipo chinali chonyansa zedi, ulusi uku ndi uku. Komabe a Orval anachivala kunsi kwa jekete mpaka imvi mbuu. Mfuti yakeyo sinalozepo munthu. Inapha njoka zingapo, ndi ng'ombe imodzi yothyoka mwendo, imene a Orval anailirira njira yonse yobwerera kwinaku akunamizira fumbi. Masiku amenewo a Delbert ankawasowa kwambiri.

A Orval analowa atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, dzanja likungopapasa m'chiuno mopanda kanthu.

"Nkhalamba iwe, ukadali moyo?" anatero.

"Ndikudikira uyambe ndiwe, ndidzadye nyama pamaliro pako."

"Udikira mpaka mano otsalawo athe. Tamvera, yaikulu ija yayamba kundilemera. Ndampatsa Wendell. Ndikufuna kakang'ono, koti ngakhale Verna asakaone."

A Delbert analimeza bodzalo osatafuna. Anatsegula kabati ya galasi, n'kutulutsa timfuti titatu ta kamgolo kozungulira, n'kutsegula kalikonse kuti onse awiri aone kuti mulibe chipolopolo. Apatu a Orval anasanduka a kale aja. Koyamba anakakana, ati kanyundo kake kakumbuyo kazikola malaya posolola. Kachiwiri anakaponyaponya m'manja.

"Aka n'kopepuka ngati bisiketi. Kotere kamamenya dzanja poomba. Ukufuna ndithyoke chala?"

Kachitatu, kamphuno yaifupi, kolowa zipolopolo zisanu, kopanda chokola chilichonse, kanakhazikika m'dzanja mwawo ngati kanabadwira momwemo. A Delbert mtima unayamba kugawikana. Munthu woganiza bwino chonchi angamulande bwanji mfuti? Kapena a Verna angokokomeza, monga amachitira akamanena za mphepo yamkuntho?

"Ndi kameneka," anatero a Orval. Kenaka anasuzumira kuseri. "Nanga Opal ali kuti? Lero sitimwa khofi wake woipa uja?"

A Opal anali akazi awo a Delbert. Anamwalira kalekale, ndipo a Orval ndi amene anagwira bokosi kutsogolo.

"Watuluka pang'ono," anayankha a Delbert, akuyang'ana pansi. Anatenga kamfuti kaja mwaulemu n'kukabwezera m'kabati.

"Iwe, ukukabwezeranji?"

"Wayamba liti kugula nsapato usanaone phazi? Chimake choyamba, mfuti pambuyo. Lamulo langa ukulidziwa."

Limenelo silinali bodza. A Delbert sankasokera chikopa pamfuti yeniyeni. Mfuti iliyonse inali ndi chifanizo chake cha chitsulo choumba, chopakidwa utoto wabuluu, chopanda bowo, chopanda chokhethemulira. Ankanyowetsa chikopa, kuchikulunga pachifanizocho, n'kumachikhutiza ndi nyanga ya gwape mpaka chitatenga maonekedwe onse a mfuti. Akatha, wogula ankayamba wavala chimakecho chifanizo chili momwemo, azikhala nacho, aziwerama nacho, kuti chikopa chizolowere thupi. Achinyamata a masiku ano, ogula zimake za pulasitiki pa foni, ankati n'zachikale. Nawonso a Delbert ankati achinyamatawo n'chifukwa chake amayenda mokhota ngati alumidwa ndi mavu.

"Chakunja kwa lamba kapena cham'kati mwa thalauza?" anafunsa.

"Cham'kati."

"Ndi chimimba chimenecho? Mulowanso chiyani mmenemo?"

"Mimba iyi ndi umboni wakuti mkazi wanga amadziwa kuphika. Iwe taona, ngati chingwe choyanikapo zovala."

Anagwirizana chakunja, chokwera m'mwamba pang'ono kuseri kwa fupa la m'chiuno, chopendekera kutsogolo kuti jekete lizigwa bwino. A Delbert anachisoka ngati akusokera bwanamkubwa. Anasankha chikopa cha paphewa pa ng'ombe, napaka phula m'mphepete mwake mpaka mwati see. Anafuna kulipira chonyansa chija cha paunyamata.

Tsiku lodzatenga, a Orval anamanga lamba, chifanizo chabuluu chili m'chimake, n'kugwetsa jekete. Msana unawongoka pomwepo. Anayenda mpaka pakhomo n'kubwerera, nakhala pampando, nadzukanso.

"Waphunzira kusoka tsopano," anatero. "Zakutengera nthawi."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera. Ankavula chimake n'kuchiika pakauntala, a Delbert n'kuchipindapinda, kuchinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Sichinafewe. Pita nacho sabata inanso."

"Chikopa chanji chimenechi, cha njati?"

Akatero ankakhala pansi n'kuyamba za kale: za kavalo wa a Orval amene ankadya fodya, za chaka chimene chipale chofewa chinakwirira mipanda, za gule wa m'khola la udzu kumene a Delbert anaponda a Opal phazi mpaka anawakwatira. Za kalezo a Orval ankazikumbukira zonse, ndi mayina a agalu omwe. Za dzulo ndiye zinkawathawa. Masiku ena ankakalipa, kumenya kauntala, ati akuberedwa, abweretsa apolisi. A Delbert ankangopirira, koma bodza la sabata ndi sabata linkawadya m'kati. Ankaopa tsiku limene mnzawoyo adzazindikire n'kutuluka osabweranso.

Loweruka lina, dzinja litayamba, a Orval anafika atameta bwino, maso ali gwa. Sanatukwane polowa. Anavula chimake n'kuchikankhira kutsogolo.

A Delbert anachinyamula kuti ayambe sewero lawo lija, koma manja anaima. Pakamwa pa chimake panali posokedwa. Ulusi wakuda wosokera mabatani unadutsa pamwamba pa chifanizo chija kambirimbiri, mokhotakhota, moti sichikanasololoka ngakhale utakoka ndi manja awiri.

"Wachita izi ndani? Verna?"

"Verna amasoka bwino kuposa apa. Ndine."

A Orval anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Lachitatu masana panabwera munthu pakhonde. Wamtali, wandevu. Sindinamudziwe. Ndinangoona dzanja langa lafika kale m'chiuno, chinthu chako chabuluuchi chili pachifuwa pake. Ndiye munthuyo akuti, 'Adadi, ndine Wendell.'"

Anakhudza ulusi uja ndi chala.

"Chikopa ndimachidziwa, Delbert. Ichi chinafewa kalekale. Ndipo iwe bodza sumalitha, makutu ako amafiira."

"Orval, ine ndimati..."

"Khala chete, ndilankhule mutu ukadali wanga. Mawa mwina ndidzabwera ndikukalipa, ndikufuna kamfuti kanga. Ndidzakutchula mbava. Mwina ndidzakufunsa kuti ndiwe yani. Usadzandipatse. Uzingonena zomwezo, kuti sichinafewe."

A Delbert anavomera ndi mutu. Anatenga chimake chija kupita nacho kuseri, nakhalako nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Ulusi wa a Orval sanaumasule. Anangodutsitsa wawo waphula pambali pake, kuti ungadzaduke.

Atabwerera anapeza mnzawo ataimirira pakabati ya galasi, chipewa chili kumutu, akuloza kamfuti kamphuno yaifupi kaja ngati akukaona koyamba.

"Bambo," anatero a Orval mwaulemu, "kameneka mungandigulitse?"

A Delbert anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuwamanga lamba wa chimake chija m'chiuno.

"Yambani mwavala ichi, achimwene," anatero. "Chikafewa mudzabwere."