Makilomita a Lachinayi

"Mphunzitsi ameneyu achoke. Ine sindikumumvetsa."

"Mwezi watha munkati ndi dalitso."

"Mwezi watha ndi mwezi watha."

Mayi anasiya mbale yomwe ankapukuta n'kuyang'ana mwamuna wawo. Bamboyo anali atatsamira firiji, akuzunguza makiyi pa chala. Kuseri kwa chitseko, pa tebulo lodyera, mwana wawo wamkazi ankatsutsana ndi mphunzitsi wa masamu wobwera Loweruka lililonse. Kutsutsana ndithu! Mwana amene anzake anamutcha Kachetechete, poti m'kalasi lodzaza ngati minibasi lija anali asanakwezepo dzanja.

"Tamumvani," anatero mayi. "Chaka chatha akaona samu yogawa misozi inkangoti mbwe. Lero akukhoza. Walakwanji mnyamatayu?"

"Saphunzitsa, amangofunsa. Mwana wasanduka wapolisi m'nyumba muno. Mukudziwa komwe zikupita zimene akufufuzazo? Akuba a masiku ano amavala tayi."

"Wakuba wobwera pa njinga yopanda buleki? Adzaba chiyani, firiji yolira ngati ng'ombeyi?"

Bambo sanaseke. Zimenezo n'zomwe zinawadabwitsa mayi, chifukwa nthabwala ya firijiyo inali yawo yomwe bambowo.

"Chabwino, timufunse," anatero mayi, n'kukankha chitseko.

"Mayi a mwana, musiyeni, ndilankhula naye ndekha..."

Koma anali atalowa kale. Mphunzitsi anadzuka, choko chili m'manja, kabolodi kake katatsamira shuga.

"Aphunzitsi, pepani. Bambo ake akuti simuphunzitsa."

Mnyamatayo anaika choko pa tebulo. "Mbali ina akunena zoona, mayi. Kusukulu amamupatsa mafunso a ena: masitima amene sanakwerepo, malalanje amene sadzadya. Kuno funso amapanga yekha ndi zinthu zapakhomo, ine n'kumayankha. Ndikalakwitsa dala amandigwira. Mwana amene wapanga yekha funso saliopa."

"Mwamva?" Mayi anatembenukira mwamuna wawo, kenako n'kukodola mwanayo. "Iwe, tationetsa funso lako la lero."

"Tisawatayire nthawi," anatero bambo.

"Si nthawi yathu yomwe?" anatero mayi.

Kachetechete anaimirira, nkhope ili ngwee. "La lero lawakanika ngakhale aphunzitsi. Mu galimoto ya ababa muli manambala osonyeza mtunda. Ndimawaona m'mawa akamandisiya kusukulu. Ndikachotsa a dzulo pa a lero, ndimapeza mtunda wa tsiku limodzi. Kusukulu, kuntchito, kubwerera kunyumba, yankho limatuluka lofanana masiku onse."

"Wanzeru mwana wanga. Basi, khala pansi," anatero bambo.

"Kupatula Lachinayi. Lachinayi pamawonjezereka makilomita makumi awiri."

Mphunzitsi anayamba kupukuta kabolodi komwe kanali koyera kale.

"Poyamba ndinkaganiza kuti ndalakwitsa pobwereka," anapitiriza mwanayo. "Ndinabwereza. Aphunzitsi anati mwina msewu amautseka. Ndinafunsa amalume olondera pa geti, akuti sunatsekedwepo. Kenako anati mwina ndi kugalaja. Koma galimoto ingamadwale Lachinayi lokhalokha?"

"Manambala amenewo ndi akufa," anatero bambo. "Galimoto yakale."

"Ndinaganizanso zimenezo, ababa! Koma akanakhala akufa akanamanama masiku onse. Aphunzitsi amati chinthu chonama mwadongosolo sichinama."

"Ndinkanena za masikelo," anatero mphunzitsi chapansipansi, maso ali ku chitseko.

Firiji inalira kukhitchini. Mayi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mwana wawo, n'kumukonza kolala ya diresi pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, Loweruka mubwere monga mwa nthawi zonse. Mukafuna muzibweranso pakati pa sabata." Kenako anakweza maso. "Bambo a mwana, Lachinayi mumapita kuti?"