Phala la Pageti

A Bude Sumirah, akulu awo a mayi anga, ponyamuka ulendo wa ku Maka anandisiyira fakitale yawo ya krupuk, timapande touma ta ufa wa chinangwa ndi nsomba timene timadyedwa titakazingidwa, ndi mawu ochepa.

"Masiku makumi anayi, Ratri. A Haji Mustakim asatithawe. Akatithawa, nawenso ukafune ntchito kubanki."

A Haji Mustakim a ku Surabaya ndiwo ankagula theka la krupuk yathu. Lole yawo inkabwera Lachisanu, kawiri pamwezi, ndipo asanakweze thumba ngakhale limodzi ankayamba akazinga kapande kamodzi kuti aone.

Ine ndinali nditangotenga digiri ya zamalonda. M'kope mwanga munali makhalidwe asanu ndi awiri a mtsogoleri wabwino: masomphenya, kulimba mtima, kumvetsera, ndi ena anayi amene anandithandiza kukhoza mayeso. Ndimakonda ndagi, ndipo imene inandizunguza chaka chonse inali iyi: kodi a Bude amagwira ntchito yanji? Antchito makumi atatu, koma msonkhano ayi, kukalipa ayi. M'mawa uliwonse ankakhala pabenchi ya a Mbok Tukinem, mayi wogulitsa phala la mpunga pageti, n'kumadya mbale imodzi kwa ola lathunthu. Akatero ankalowa, n'kuuza kapitawo wathu, a Pak Jumadi, mawu awiri kapena atatu. Basi. Yankho langa linali lakuti fakitaleyo imadziyendera yokha, ndipo a Bude amangokonda phala.

Sabata yoyamba ndinaonetsa masomphenya. Lole ya a Haji inkavutika polowa, choncho ndinapempha a Mbok kuti achotse ngolo yawo pageti. Mphasa zansungwi zoyanikapo krupuk ndinazichotsa pakati n'kuzisunthira kumadzulo kwa bwalo, m'mbali mwa khoma lalitali la aneba. Pofuna kuti kumvetsera kusatsalire, ndinakhoma bokosi la maganizo pakhomo la ofesi.

"Mukuziona bwanji, Pak?"

"Zili bwino kwambiri, Mbak Ratri," anatero a Pak Jumadi akumwetulira. "Wasukulu ndi wasukulu."

Lachiwiri la sabata yachitatu tinakazinga zoyesera. Krupuk yabwino ikagwera m'mafuta otentha imafufuma nthawi yomweyo mpaka kudzaza chikhatho. Yathu inangopindika ngati khutu la mbuzi, pakati pali gwa. Tinaponya ina. Khutu linanso. Lole inali kubwera pakatha masiku atatu.

Ndinaitenga ngati ndagi ina iliyonse. Ufa wa chinangwa unali womwe uja. Nsomba ndinanunkhiza ndekha mpaka mutu kuwawa. Mchere, adyo, nthawi yophika, zonse zinali m'malo mwake. Kuyanika kunali masiku awiri ngati kale, ndipo mvula inali isanagwe mwezi wonse. Zonse zinali zolondola, krupuk yokha ndiyo inali yolakwa.

Ndinaitanitsa msonkhano. Amayi makumi atatu anakhala pansi, maso ali kumapazi kwawo.

"Wina akudziwa chavuta?"

Ndinatembenukira kwa mayi wamkulu mwa iwo.

"Yu Parti, inu mwayanika krupuk pano zaka makumi awiri."

"Mwina mafuta, Mbak," anatero a Yu Parti chapansipansi.

"Mafuta ndi atsopano."

"Ndiye mwina si mafuta."

Ena anavomera ndi mitu kuti zoonadi, mwina si mafuta. Ndinatsegula bokosi la maganizo anthu onse akuona. Munali pepala la switi ndi kakalata kolembedwa kuti "Zikomo chifukwa cha bokosi."

Lachitatu m'mawa ndinalawira, ndipo ndinaona antchito akutulukira njira ya kumlatho, kumene sikukhala aliyense wa iwo. Ndinalondola njirayo. A Mbok Tukinem anali ataimika ngolo yawo m'mphepete mwa mtsinje, benchi itadzaza amayi athu, phwete lili pakamwa. Atangondiona, aliyense anakumbukira kuti wachedwa kuntchito.

"Khala, Nduk," anatero a Mbok, akundiitana ngati mwana wawo. "Wadzadya, kapena wadzandisamutsanso? Ukandisuntha pano ndigwera m'madzi."

"Ndadzadya, Mbok."

Anandipakulira, n'kuyamba kuvundula mphika osandiyang'ana.

"Ndamva nkhani yoseketsa," anauza mphikawo. "Akuti kuli fakitale ina, kutali, kumene akuyanika krupuk pamthunzi."

"Pamthunzi bwanji? Pabwalo pathu dzuwa lili phwee!"

"Ndati kwanu ngati? Ndati kutali. Akuti kumeneko dzuwa likangopendeka, khoma la aneba limafunditsa mphasa zonse mthunzi. Kunja kumauma, m'kati muli chinyezi. Koma abwana ake sangaone. Masana amakhala muofesi, makina akuwapemerera mphepo."

Supuni inaima m'malere.

"Onse akudziwa?"

"Ndi mphaka yemwe."

"Nanga osandiuza bwanji? Ndinawafunsa! Ndinaitanitsa msonkhano!"

"Iii, mwana iwe. Parti aimirire pagulu n'kuuza mwana wa m'nyumba ya Bu Sumirah kuti walakwa? Akuchititse manyazi, mawa muonane bwanji? Iwo amadandaulira ine. Ine ndimauza mphika. Amene wakhala pafupi ndi mphika amamva."

"Ndinawaikira bokosi."

"Bokosi limakupakulira phala?"

Ndinadzuka kuti ndithamange, koma anandikoka siketi.

"Ukuthamangira kuti? Ukalowa wefuwefu, ndiye kuti wauzidwa, ndipo ayamba kuyang'anana kuti wanena ndani. Maliza phala. Ukalowe pang'onopang'ono, uyang'ane kumwamba, unene ngati zakubwerera wekha."

"Koma andiona ndili pano, Mbok. Akudziwa kuti mwandiuza."

"Eya, akudziwa."

"Ndiye tikunamiza ndani?"

"Palibe. Idya."

Ndinadya. Mbale imene ndikanaimaliza m'mphindi zisanu ndinaikoka mpaka theka la ola, mtima uli kumphasa. Kenaka ndinalowa pabwalo ngati woyenda kokacheza, n'kuima pakati, n'kuyang'ana kumwamba. Kunalibe chilichonse, ngakhale mbalame.

"Pak Jumadi, ndaganiza kuti mwina mphasazi tizibwezere pakati."

"Ha! Nzeru zimenezo, Mbak. Ife sitikanaziganiza."

Asanamalize n'komwe, amayi anali atanyamula kale mphasa zinayi. Matumba a krupuk amene tinali titamanga anali atamasulidwa kale kuti tiyanikenso, sindikudziwa ndi ndani kapena nthawi yanji.

"Ndiponso a Mbok abwerere pageti," ndinawonjezera.

"Nanga lole?"

"Idzavutika."

"Zili bwino kwambiri, Mbak," anatero a Pak Jumadi, mawu omwe aja, kumwetulira komwe kuja. Ndinawayang'anitsitsa kufuna kupeza kusiyana. Sindinakupeze.

Dzuwa linawala Lachitatu lonse ndi Lachinayi. Lachisanu dalaivala wa a Haji anabwerera m'mbuyo kasanu asanalowe, akutukwana ngolo ya phala chapansipansi. A Haji Mustakim anatsika, anapisa dzanja pakati pa thumba, n'kuponya kapande m'mafuta. Kanamira. Kenaka kanabuka, n'kutambasuka koyera mpaka kukhudza m'mbali mwa chiwaya. Anakaluma, kanalira khrrr.

"Kwezani," anauza anthu awo. Ndiye anatembenukira kwa ine. "Ndinamva kuti mwana wasukulu wakonza pageti. Mayi waphala uyu simungamuchotse?"

"Maganizo abwino kwambiri, Pak Haji," ndinamva pakamwa panga pakutero, ndikumwetulira. "Tiwaganizira."

Loweruka ndinakhala pabenchi ndi kope langa. Ndinafuna kulemba khalidwe lachisanu ndi chitatu, koma sindinadziwe dzina lake. Kudya pang'onopang'ono? Kuyang'ana kumwamba? A Mbok anandipakulira, n'kutembenukira kumphika.

"Bondo langali," anatero, "layamba kuwawa kuyambira dzana. Lakumanzere."

Ndinatchera khutu. Kumanzere kwa fakitale kuli mophikira. Dzana ndi tsiku limene tinalandira nsomba. Bondo ndi chimene chimanyamula thupi, ndiye mwina akunena a Pak Jumadi. Ndinalemba zonsezo, n'kulumikiza ndi mizere.

"Mbok, bondo limeneli ndi la kufakitale ya kutali ija?"

Anasiya mphika n'kutembenukira kwa ine.

"Ndi bondo, Nduk. Idya, phala likuzizira."