Batani Lofuna Anthu Awiri

Tsiku limene a Tobias anathira simenti ya chiliza cha malemu a José Kaliati, Migowi yense anali ku bwalo la mpira. Kunali msonkhano wa chipani, ndipo kunamveka kuti agawa nsalu ndi matisheti, choncho ngakhale ogulitsa nandolo anasiya malonda awo m'manja mwa Mulungu n'kuthamangira komweko. Pa mzere wonse wa mashopu panatsala anthu atatu: a Tobias, mmisiri wa ziliza, kutsidya kwa msewu; Eneya Sitima, amene ankatayipa makalata a anthu pa kompyuta m'kachipinda koyandikana ndi golosale; ndi mayi Rozaria, mkazi wa malemuwo, omwenso anali apongozi ake a Eneya.

Eneya anali ndi mkono umodzi wogwira ntchito. Wamanzere unali m'chikhakha chichokereni pamene anagwa ndi njinga atanyamula chinangwa kuchokera ku Nkhulambe. Pa msonkhano wa banja, akamwini anzake atalonjeza kututa mchenga ndi miyala, atsibweni a mkazi wake anamuyang'ana iye.

"Nanga inu a kompyuta, mututa chiyani ndi phiko limodzi?"

Anthu anaseka. Eneya anaimirira n'kulonjeza pamaso pa onse kuti dzina la malemu lidzatuluka m'makina ndendende monga momwe ansembe a ku Mozambique analilembera pa tsiku la ubatizo: mtanda patsogolo, ndi kachizindikiro kopendekeka pamwamba pa e. Mayi Rozaria ankakatchula kuti kanthenga.

"Moyo wawo wonse ku esiteti ya tiyi ankangowalemba mmene akalaliki afunira," anatero mayiwo tsikulo, atayang'ana kumbali. "Kumanda kokha asagone opanda kanthenga kawo. Ndipo katuluke m'makina, osati kowonjezera ndi bolopeni ngati ntchentche yatera."

Kenaka magetsi anazima sabata yathunthu. M'mawa umenewu a Tobias atangomva filiji ya m'golosale ikulira, kusonyeza kuti magetsi abwera, sanafunse munthu, anasakaniza simenti n'kuithira m'chikombole. Iwo sankalemba zilembo pamanja. Ankayala pepala lotayipidwa pa simenti yaiwisi n'kumaboola ndi msomali motsatira chilembo chilichonse. Simenti ikanauma pepala lisanafike, chiliza chikanakhala chosalala ngati thebulo, ndipo Eneya akanakhala nyimbo ya pamudzi mpaka ukalamba wake.

Eneya analemba J, o, s. Apa m'pamene anaima.

Chilembo cha kanthenga chinalibe batani lakelake. Kuti chituluke, munthu ankayenera kutsindika batani lolembedwa Alt kumanzere kwa kiyibodi, osalisiya, n'kudina manambala atatu kumapeto a kumanja, kenaka n'kulisiya. Pamafunika manja awiri. Alt wina wa kumanja analipo, koma anamwalira chaka chatha atamwa tiyi wa eni shopu.

Eneya anatambasula zala mpaka zinalira. Sizinafike. Anayesa ndi chigongono cha chikhakha, chinadina mabatani ambiri pakamodzi ndipo kompyuta inafunsa ngati akufuna kutseka zonse. Anaika loko wa pachitseko, loko anagwera pa batani loyandikana nalo. Anaweramira pansi n'kutsindika ndi mphuno, koma akatero manambala sankawaona, ndipo pa galasi la kompyuta panatuluka kankhope kosekerera.

"Ngakhale iwe ukundiseka?" anatero Eneya.

Anasuzumira pa zenera. "A Tobias! Tabwerani mundigwirire batani pang'ono chabe!"

"Ndisiye simenti?" a Tobias anakuwa. "Nkhuku izi zikungodikira ndichoke kuti zisayine mayina awo. Pepala lili kuti, a Sitima? Pamwamba payamba kugwira!"

Panatsala munthu mmodzi, ndipo anali atakhala pa khonde, msana ataulozetsa kuchitseko, ambulera yakuda ili pamiyendo.

Chikwatirireni Violet, mwana wa mayi Rozaria, Eneya anali asanayandikirepo apongozi ake. Akawaona akubwera pa njira, ankakhotera m'munda wa chinangwa n'kuwapatsa moni ali m'masamba. Chipinda chimodzi sanakhalemo limodzi, maso sanaphanepo. Umu ndi mmene ulemu unkayendera, ndipo onse awiri ankausunga ngati lamulo lolembedwa pamwala.

Anatembenukira kukhoma n'kutsokomola. "Amayi, pali kavuto."

"Kanthenga kakana?"

"Sikanakane ayi. Kungoti kamafuna anthu awiri. Wina agwire, wina adine."

Mayiwo anamuitanira dzina la mdzukulu wawo. "Bambo a Atikonda, mukuti ine ndilowe m'kabowo ako? Ndipumire mpweya umodzi ndi apongozi anga? Malemu angadzuke."

"Ayi, amayi, sindinatero."

"Batanilo lili pati?"

"Pafupi ndi zenera."

Eneya anamva patapata akukwekwereza pa khonde. Posakhalitsa nsonga ya ambulera inalowa pakati pa zitsulo za zenera, ikufufuza ngati ndodo ya wakhungu. Mayi Rozaria anali ataima chopereka msana, nkhope kumsewu, dzanja atalipinda kumbuyo. Nsongayo inagogoda pulinta, inakanda galasi, inapeza khutu la Eneya n'kuima pamenepo.

"Ndi limeneli?"

"Limeneli ndi khutu, amayi."

"Ambuye andikhululukire."

Eneya anagwira nsongayo ndi zala ziwiri, mwaulemu wonse, n'kuikhazika pa Alt. Anakumbukira mtumiki wa Mulungu uja amene anzake anamugwirira manja pa phiri kuti nkhondo ipambane, ndipo analimba mtima. Koma panabuka vuto lina. Mkamwini sangauze apongozi ake kuti "tsindikani, siyani" ngati akuphunzitsa ng'ombe kukoka ngolo. Mawu amenewo anakana kutuluka pakamwa.

"Amayi, bwanji tichite ngati kutchalitchi? Pomveka mawu oti tipemphere, ambulera itsike. Pa ameni, ikwere."

"Zimenezo ndiye ndimazidziwa."

"Tipemphere."

Ambulera inatsika. Eneya anadina wani, firii, ziro, mwachangu ngati nkhuku yotola chimanga, n'kutsegula pakamwa kuti anene ameni. Koma anachedwa. Mayi Rozaria, omwe chibadwire sanamvepo mawu oti tipemphere n'kukhala chete, anali atayamba kale.

"Atate wathu wachifundo, Inu amene munatiwolotsa malire tili ndi mtolo umodzi pamutu..."

Eneya anatseka pakamwa. Munthu sunganene ameni pakati pa pemphero la mnzako, makamaka la apongozi. Anaweramitsa mutu, diso limodzi lili pa galasi pamene panali zilembo zitatu zokha.

Mayiwo anathokoza chifukwa cha mvula ya chaka chatha, n'kupempha kuti ya chaka chino isadzachite ngati ya chaka cha dzana ija. Anapempherera ansembe, odwala, ndi onse amene anapita kukalandira nsalu, kuti asapondane. Anatchula adzukulu mmodzimmodzi, ndipo atalumpha mmodzi anabwerera kukayambira pachiyambi.

"A Sitima!" a Tobias anakuwa kutsidya. "Chala changa chasiya kulowa!"

"...mukumbukirenso a Tobias, Ambuye, muwapatse kuleza mtima, pakuti alibe..."

Thukuta linatsika m'chikhakha, pamalo posakandika. Nsonga ya ambulera inayamba kunjenjemera pa batani, ndipo Eneya anaiyang'ana ngati mbale ya dothi imene ili m'mphepete mwa thebulo.

"...ndipo musaiwale bambo a Atikonda. Khasu munawamana, Ambuye, zimenezo tonse tikudziwa. Njinganso munawamana. Koma mwana wanga sanabwerepo kwa ine akulira, ndipo pamene malemu ankadwala, ndi iwowa ankawasambitsa ena akuti atanganidwa. Muwalunzitse mkonowo. Ameni."

Ambulera inakwera. Pa galasi panatulukira é, kanthenga kake kali chilili.

Eneya anayankha ameni chamumtima. Anapukuta maso ndi phewa n'kumaliza dzina lonse ndi chala chimodzi.

"Katuluka, amayi."

"Alemekezeke. Ndichotse ambulera?"

"Kwatsala mtanda. Nawonso umafuna anthu awiri."

"Chabwino. Ndinaiwala kupempherera abale a ku Jenala."

"Amayi!" Eneya anadzidzimuka ndi liwu lake lomwe, n'kulitsitsa msanga. "Ndimati, mwatopa. Ili ndipemphere ine."

Anabweza kamzere kothwanima kuchiyambi kwa dzina, nakhazikanso nsonga pamalo pake.

"Tipemphere. Ambuye, mukudziwa kale." Ziro, wani, firii, folo. "Ameni."

Mtanda unaima patsogolo pa dzina, wowongoka bwino.

"Limenelo ndi pemphero?" anafunsa mayi Rozaria.

"Amva, amayi. Ayankha kale."

Pulinta inakoka pepala, inalira, inaganiza kaye, kenaka inalilavula. Eneya anatuluka chokwawa ndi khoma, anaika pepalalo pa khonde, n'kubwerera m'kati chafutambuyo. Kudzera pa mng'alu wa chitseko anaona apongozi ake akulitola. Sukulu sanapite nayo patali, koma chala chawo chinapita molunjika pamwamba pa e, n'kukhala pamenepo kanthawi. Kenaka anakwinya chitenje n'kuwoloka msewu ndi liwiro limene Eneya sankadziwa kuti ali nalo.

Iye anatsatira chapatali n'kukabisala kuseri kwa mtengo wa mango, poti pa chikombole panali poima apongozi. A Tobias anayala pepala, anagogoda simenti ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu.

"Yalimba ngati mtima wa mfumu ya ku Aigupto. Mwina zilembo ziwiri zilowa, zinazo sindikulonjeza."

"Yambani ndi kanthenga," anatero mayi Rozaria.

"Mayi, dzina timayambira kumanzere."

"Amuna anga ndi anu? Yambani ndi kanthenga."

A Tobias analavulira m'manja, anatenga msomali ndi kahamala. Eneya anatseka maso. Anamva kugogoda koyamba, kouma, kenaka kwachiwiri. Kachitatu msomali unamira ndi kaphokoso kofewa, ndipo unapitirira kumira, chilembo ndi chilembo, a Tobias akung'ung'udza pa chilichonse, mpaka anafika pa i womaliza n'kugwetsa hamala pansi.

Mayi Rozaria anawerama, anauzira fumbi, anayang'anitsitsa. Atawongoka analankhula mokweza, nkhope ataloza kuphiri.

"A Tobias, mukawaona bambo a Atikonda muwauze kuti dzina lalowa lonse. Ndikanena ndekha kwa atsibweni aja, ndipo amene aseke ayambe waseka ine."

"Akumva, mayi. Chikhakha chikuonekera kuseri kwa mangowo."

"Sindinakufunseni kumene ali. Muwauzenso kuti Lamulungu alawirire kutchalitchi. Pemphero lawo lija akalimalize."