Fadi-dadi wa ku Madzimoyo

Mayi Esnat Tembo anamva mawuwo kuseri kwa tchalitchi cha ku Madzimoyo, chaka chimene zipani zinachuluka. Amuna awo, a Fackson, mphunzitsi wopuma ndiponso mkulu wa mpingo, anali atangokaniza achinyamata kulowa ndi gitala m'kwaya. Ndiye Paison Mwanza, mtsogoleri wa kwayayo, ananong'oneza anzake kuti, "A Tembo ndi fadi-dadi." Onse anaseka.

Mayi Esnat Chingerezi ankachimva pang'ono. Dadi ankadziwa kuti ndi bambo. Nanga fadiyo? Ngati kunali kulemekeza, ankasekeranji? Mawuwo anawakhala m'mutu ngati kamwala m'nsapato.

Lachitatu anakwera minibasi kupita ku Chipata kukaona mwana wawo Dolika, yemwe ankataipa mu ofesi. M'njira anafunsa bambo wina wa tayi amene anakhala naye pafupi. Iye anakanda chibwano, n'kunena kuti mwina ndi gule wa azungu.

Dolika atamva, anagwira pakamwa.

"Amama, wanena zimenezo ndani?"

"Iwe tandiuza kaye tanthauzo."

"Ndi munthu wokakamira zakale, woti chilichonse chatsopano chimamununkha."

 Mayi Esnat anakumbukira kuti amuna awo tauniyi ankaitchulabe Fort Jameson, dzina la nthawi ya atsamunda. Kuseka kunawatulukira kokha.

Atafika kunyumba anapeza a Fackson akusenda mtedza pakhonde. Anawafotokozera mosamala, akuyembekeza mkwiyo.

"Fadi chiyani?" anafunsa a Fackson.

"Fadi-dadi."

A Fackson anatchula mawuwo pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo zachilendo. "Ine ndaphunzitsa Chingerezi mpaka imvi, koma amenewa sindinakumanepo nawo. Mwana wa Mwanza ameneyu anawatola kuti?"

Anasiya lichero, n'kukwera njinga kupita kwa Paison. Mayi Esnat, poopa ndewu, anawatsatira wapansi. Anakawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, Paison thukuta lili kamukamu, akulongosola kuti mawuwo anawamva pa wailesi.

"Alipo ena otere?" anafunsa a Fackson.

"Alipo, atate. Ena amati dainoso."

"Chinyama chinatha kalekale chija? Ayi, bola oyamba aja."

Lamlungu gitala sinalowebe m'tchalitchi. Koma atatuluka, Mayi Esnat anaona amuna awo ataiyika pamiyendo, akukodola chingwe chimodzi ndi chala, n'kufunsa Paison chifukwa chake chingwe chonenepa chimalira pansi.