Maola a Alamu

Lamulo la pa ofesi pathu linali lakuti khodi ya pulogalamu ya pakompyuta isatuluke isanaonedwe ndi anthu awiri. Wina alembe, wina awerenge n'kusaina kuti zili bwino. Wowerenga ntchito yanga anali Kadzidzi. Tinkamutcha choncho chifukwa cha magalasi ake, komanso poti ankatha kuyang'ana mzere umodzi kwa ola lathunthu osaphethira. Anasiya ntchito miyezi isanu yapitayo. Abwana anati kubwera wina, ndipo podikira winayo anandipatsa pasiwedi ya Kadzidzi pa kapepala kachikasu.

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza kulemba ndinkasunthira pa desiki yake, n'kulowa m'dzina lake, n'kuwerenga ntchito yanga yomwe. Masabata oyambirira ndinkawerengadi. Kenako ndinayamba kungotsitsa tsamba mpaka pansi. Mapeto ake ndinasiya ngakhale kutsitsako.

Pulogalamu yathu inkawerengera madalaivala a malole maola. Munthu akayendetsa maola asanu ndi anayi, kafoni ka m'galimoto kankalira n'kufiira, ndipo kampani yake sinkaloledwa kumupatsa ulendo wina mpaka atagona. Ndinailemba ndekha chaka changa choyamba, ndipo ndinkaikonda. Masiku amenewo ndinkatha kupitirira siteji ya kwathu ndili m'basi, mutu uli pa vuto limodzi, yankho likabwera n'kuseka ndekha anthu akundiyang'ana. Sindikudziwa kuti zimenezo zinatha liti. Palibe tsiku limene ndingaloze. Ndinangozindikira kuti ndikatsegula kompyuta, zilembo ndikuziona bwinobwino koma sizikulowa, ngati chilankhulo cha eni.

Lachitatu masana, ndikudya buledi pa desiki, alamu anga anaimba foni. Ndi amuna a mlongo wanga wamkulu, ndipo amayendetsa lole ku imodzi mwa makampani amene ankagwiritsa ntchito pulogalamuyo.

"A injiniya! Mukadali moyo? Mlongo wanu akuti mwina munakwatira kompyuta osatiitana."

"Ndilipo, alamu. Muli pati?"

"Pamsewu, ndingakhalenso pati? Ndimati ndikuthokozeni. Kanthu kanu kaja kasiya nkhanza. Sabata ino sikanafiirepo."

Ndinasiya kutafuna. "Mwagona liti?"

"Kugona? Lolemba ndinasinzako pang'ono podikira katundu. Koma iko kakuti ndapuma. Ndikazimitsa injini kuti ndikataye madzi, pobwera ndikukapeza kayambiranso pa ziro. Abwana athu akuti inu ndinu munthu, akukwezeni."

Anaseka, koma kusekako kunathera m'kuyasamula kwakutali.

"Alamu, imani mugone."

"Ndiime kanthuko kali kobiriwira? Akandichotsa mundilemba ntchito ndinu? Ndikangotsika phiri ili basi ndafika. Aaa, netiweki yayamba…"

Foni inaduka.

Ndinatsegula mbiri ya khodi. Lachisanu lapitalo ndinasintha mizere khumi ndi iwiri, chifukwa kampani ina inadandaula kuti tikuwerengera dalaivala nthawi imene lole yangoima pa sikelo yoyezera malole. Pansi pake panali dzina la Kadzidzi ndi mawu awiri: Zili bwino. Kuchokera pamene ndinatumiza kufika pamene ndinasaina panangodutsa masekondi makumi anayi.

Cholakwikacho chinali m'mizere imeneyo, ndinadziwa. Ndinawerenga woyamba, wachiwiri, pofika wachitatu woyamba uja ndinali nditauiwala. Ndinayambiranso, chala chili pa sikirini ngati mwana wongoyamba kumene sukulu. Fani ya kudenga inkazungulira. Kuseri kwa khomo wina ankamenya makina osindikizira kuti atulutse pepala. Kubwezeretsa khodi yakale sikukanathandiza kanthu. Maola amene anafufutika anali atapita, ndipo dalaivala aliyense akanaonekabe ngati wagona mokwanira.

Panali batani limodzi limene ndinaika kalekale, loti ukalidina mafoni a m'malole onse afiire nthawi imodzi. Tinali tisanaligwiritsepo ntchito. Tsiku limenelo pamsewu panali malole oposa zana.

Ndinagogoda kwa abwana. Anali pa foni, ndipo anandikodola ndi dzanja.

"Bwana, maola a madalaivala ndi olakwika kuyambira Lachisanu. Ndikufuna ndiimitse malole onse."

Anaphimba foni ndi chikhatho. "Onse? Wapenga kodi? Konza mwakachetechete, mawa kuche zili bwino."

"Sindikutha kuiwerenga."

"Wati bwanji?"

"Khodiyo. Ndikuiona, koma sindikuimva."

"Kasambe kumaso, umwe tiyi. Ndipo mvetsa, mng'ono wanga. Papepala, ntchito ija inaonedwa ndi anthu awiri. Ukaimitsa malole adzafunsa kuti wachiwiriyo ndani. Za pasiwedi ine sindikudziwapo kanthu."

Ndinabwerera pa desiki yanga n'kukhala pansi. Ndinadina batanilo.

Pa mapu a pa sikirini, timadontho toimira malole tinafiira, kenako tinayamba kuima, aka apa, aka apo. Mafoni a mu ofesi analira onse pamodzi. Kadontho ka alamu kanali kadakali kobiriwira. M'phirimo mulibe netiweki, ndiye mapu ankangosonyeza pamene kanaonekera komaliza, mphindi makumi awiri zapitazo. Ndinawaimbira, sanapezeke. Ndinaganiza zoimbira mlongo wanga, koma ndikanamuuza chiyani?

Kenako kadontho kaja kanatulukira kumunsi kwa phiri, katafiira, pamene msewu wakhota. Sikankayenda. Ndinakulitsa mapu. Pamalopo panalibe poimika galimoto, panalibe nyumba.

Foni yawo inalira kasanu ndi kawiri.

"Halo." Mawu awo anali aang'ono.

"Alamu, muli bwino?"

"Ndaima. Matayala awiri ali m'ngalande." Ndinkamva kupuma kwawo. "Phirili sindikukumbuka kuti ndatsika bwanji, alamu. Ndadzidzimuka kanthu kanu kakulira. Kunyumba musanene."

"Zimitsani injini."

"Yazima yokha."

Abwana anali ataima kumbuyo kwanga, foni ili kukhutu, akuuza munthu wina kuti ndi kavuto kakang'ono, tikukonza pompano. Anagogoda mpando wanga ndi chala.

"Bwezeretsa zobiriwira. Pano."

Ndinaika manja pa maondo. Kumtunda kwa mapu, kutali ndi tauni iliyonse, timadontho titatu tofiira tinali tikuyendabe.