Chovala cha Pamsana Chili kwa Apongozi

Amuna anga a Ruben, bambo a Delia, anaitanidwa pa loji ina kukayesedwa ntchito yotsogolera alendo otsetsereka ndi njinga paphiri la miyala. Anawapatsiratu helumeti, zotchinga mawondo, ndi chovala cholimba cha pachifuwa ndi pamsana, chonga chigoba cha kamba. Bwana ananenetsa: Lolemba 8 koloko, wobwera chimodzi chikusowa abwerere kwawo.

Lolemba m'mawa chikwama chosungiramo zovalazo chinali pululu.

"Zili kuti?" ndinafunsa.

"Abale anabwereka," anatero a Ruben akupopa tayala. "Komanso zimatentha, amake Delia. Ine njinga ndinayamba ndili mwana."

"Njinga yonyamula makala ku Mnkhanya? Miyala ya paphiri ija ikukudziwani?"

Ndinabereka Delia n'kuyamba kusaka. Zotchinga mawondo anavala mlamu wanga Lillian, akuzira m'khitchini. Ndinamuvula zili matope okhaokha. Helumeti inali kuseri kwa nkhokwe, wina atasamutsiramo nkhuku yanga yomwe inkafungatira mazira. Inandijompha kawiri. Zitosi ndinatsuka ndi phulusa.

Chovala cha pamsana chinali pathupi pa apongozi anga aamuna, ali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Ati chivalireni msana unaleka kuwawa.

Kuno mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Umatuma munthu. Lillian anakana, atakwiyira za mawondo zija. A Ruben anangozyolika.

"Ndi bambo anga aja. Ndingopita choncho, mwina bwana saona."

"Nanga mukagwa? Ndibereke Delia, ndiberekenso inu?"

Foni inali itaonetsa kale 7. Ndinapita ndekha. Ndinagwada pafupi penipeni, n'kuwayang'ana kumaso.

"Bambo, vulani."

Ukonde unawapulumuka m'manja. Azimayi awiri ochokera kumjigo anaima, ndowa zili pamutu.

"Ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu. Mwana wanu akathyoka msana, ukonde umenewu utidyetsa tonse?"

Anamasula lamba mmodzimmodzi, osafulumira, n'kuchiponya pafumbi.

"Nkhuku yopepesera," anatero akuyang'ana mtengo. "Lero."

A Ruben ndinawamanga malamba ndekha, kukoka mpaka anati mayo. Ananyamuka akununkha zitosi.

Nkhuku ndinali nayo imodzi, yomwe ija ya m'helumeti. Ndinaimanga miyendo, Lillian n'kukapereka akumwetulira. Mazira ake asanu ndi awiri, ongotsala masiku atatu kuti aswe, anazizirira padothi.

Chakumadzulo a Ruben anabwera chovala chitakalika kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Iwo analibe ngakhale bala.

"Ndinagwa kamodzi kokha, ntchito ndapeza," anatero. "Koma bambo akuti Lamlungu achibwerekenso."

Ndinawavula ndekha, n'kutsekera zonse m'sutikesi. Kiyi ili pachingwe m'khosi mwanga. Woifuna abwere adzalankhule nane maso ndi maso.